Bambo akasiya mowa, maola aja amapita kuti?

Sabata yatha nditatsegula kabokosi ka mafunso kamene kamakhala pakhomo la labu, ndinapezamo kapepala kopanda dzina. Mafunso ambiri m'kabokosi muja amakhala a magetsi ndi a malenzi, koma ili linali lamtundu wina. Mwini wake analemba kuti bambo ake asiyapo mowa kawiri. Ulendo woyamba anakhala milungu itatu, wachiwiri mwezi ndi theka, kenako anabwereranso kwa mayi otcheza kachasu. Ndiye anafunsa kuti, "Aphunzitsi, chimawakokanso n'chiyani? Pali chimene angamachite kuti asabwerere?"

Ine ndine wa fizikisi, osati dokotala. Koma funsoli lili ndi sayansi yake, ndipo ndikudziwa kuti m'kalasi iliyonse kuno ku Phalombe muli wina amene akanatha kulemba kapepala komweko. Choncho ndiyankhira pano kuti nonse mumve.

Tiyambe ndi masamu

Tiyerekeze kuti munthu amafika pamowa 4 koloko masana n'kuchokapo 8 koloko usiku. Amenewo ndi maola 4. Pa sabata ndi maola 28. Pa chaka, 28 kuchulukitsa ndi 52, tikupeza maola 1,456. Mukagawa ndi 24 mupeza masiku oposa 60 athunthu, usana ndi usiku. Miyezi iwiri imeneyo.

Tsiku limene munthuyo wanena kuti "ndasiya", maola amenewa amamugwera m'manja onse, opanda kanthu mkati. Ndipo pamowa paja samangomwa. Ndi pamene amamva nkhani za m'mudzi, ndi pamene amaseka, ndi pamene anzake amamuitana ndi dzina lamacheza. Zonsezo zachoka limodzi ndi botolo.

Mukukumbukira zimene tinachita ndi botolo la pulasitiki lija? Tinathiramo madzi otentha pang'ono, n'kuwakhuthula, n'kutseka msanga. Mpweya wa mkati utazizira, mphamvu yake yokankha inachepa, ndipo mpweya wakunja unalifinya botolo mpaka linapindika. Mkati mukachepa zinthu, zakunja zimakankha. Kwa munthu amene wangosiya mowa, chimene chili pafupi kwambiri kuti chidzaze maola aja ndi mowa womwewo, chifukwa njira yake miyendo ikuidziwa kale.

Kukokana chingwe mu ubongo

Mowa uliwonse, kaya masese, kaya Chibuku, kaya kachasu, chimene chimaledzeretsa ndi chimodzi: ethanol, C2H5OH. Amawira pa 78°C pamene madzi amawira pa 100°C, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene amayi otcheza kachasu amagwiritsa ntchito, ngakhale sanalowepo mu labu. Nthunzi yoyamba kukwera imakhala ndi ethanol wambiri, n'chifukwa chake kachasu amaluma kuposa masese.

Ethanol akafika mu ubongo amapeza magulu awiri akukokana chingwe. Maselo a ubongo amatumizirana uthenga ndi timadzi tapadera. Kamodzi, kotchedwa GABA, kamauza maselo kuti afatse. Kena, glutamate, kamawauza kuti achangamuke. Mwa munthu wabwinobwino magulu awiriwa amakoka mofanana, ndipo mwa mawu a m'kalasi tingati resultant force ndi ziro. Mowa umalowa mbali ya GABA n'kumakoka nawo, komanso umafooketsa mbali ya glutamate. Zotsatira zake mumazidziwa: lilime kulemera, miyendo kupepera, tulo.

Tsono ubongo sufuna kugonja. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umawonjezera mphamvu kumbali yochangamutsa kuti chingwe chibwerere pakati. N'chifukwa chake amene kale ankaledzera ndi kabotolo kamodzi amayamba kufuna atatu. Anthu amamutama kuti ndi wolimba mutu, pamene chimene chachitika n'chakuti ubongo wake wasintha.

Nanga gulu limodzi likasiya chingwe mwadzidzidzi, enawo zimawathera bwanji? Amagwa chagada. Mowa ukachoka mwadzidzidzi, mbali yochangamutsa ija imatsala ikukoka yokha. Pakangopita maola 6 mpaka 24 manja amayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka, mtima umathamanga, tulo sitibwera. Kwa ena zimafika poipa: kugwa n'kumaphupha ngati wakhunyu, ndipo patsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi, kusokonezeka mutu n'kumaona zinthu zimene palibe. Madokotala amati delirium tremens, ndipo imapha.

Apa ndiye mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pali moyo wa munthu. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, makamaka amene amadzuka m'mawa akunjenjemera mpaka atamwako, asasiye yekha kunyumba mwadzidzidzi. Ayambe wapita kuchipatala, kaya kuchipatala cha boma ku Migowi, kaya ku Holy Family, kaya kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu, akanene zoona za mmene amamwera. Pali mankhwala amene amathandiza kuti chingwe chija chisiyidwe pang'onopang'ono. Kwa ofunika chithandizo chachitali kuli Zomba Mental Hospital, komanso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Bawo kapena mpira sizichiza kunjenjemera. Zimene ndikufuna kukamba m'munsimu zimabwera sabata yoyambayo ikadutsa.

Chibaba chimadziwa nthawi

Kunjenjemera kumatha pa masiku ochepa. Chimene chimatsala ndi chibaba, ndipo bambo a mnzathu uja ayenera kuti anagwa ndi chimenechi.

Za agalu a Ivan Pavlov, wasayansi wa ku Russia, mwina munazimva mu bayoloje. Galu akazolowera kuti chizindikiro china chimabwera chakudya chisanafike, amayamba kuchucha dovu akangomva chizindikirocho. M'zaka za m'ma 1990, Wolfram Schultz ndi anzake ku Switzerland anaona zofanana ndi zimenezi mkati mwenimweni mwa ubongo wa anyani. Ankayeza maselo amene amatulutsa dopamine, kamadzi kamene kamachititsa kuti nyama kapena munthu afune chinthu n'kuchilondola. Poyamba maselowo ankathamanga nyani akalandira madzi a zipatso. Nyani ataphunzira kuti kuwala kapena kaphokoso kena kamabwera madziwo asanafike, maselo aja anayamba kuthamanga pa chizindikiro chija. Ndipo chizindikiro chikabwera koma madzi osabwera, maselowo ankazizira kuposa nthawi zonse, pa nthawi yeniyeni imene madzi amayenera kufika.

Taganizirani tsopano munthu amene wamwa zaka 10. Zizindikiro zake n'zingati? Dzuwa likapendeka. Kanjira kodutsa kuseri kwa msika. Nyimbo ya pa sipika. Fungo la kanyenya. Ndalama za nandolo zikalowa m'thumba. Mnzake wina akangoimba mluzu panja. Chilichonse mwa izi chimadzutsa dopamine mowa usanafike n'komwe pakamwa, ndipo mowawo ukapanda kubwera, munthu amamva kuti chinachake chasowa. Chibaba ndi chimenecho. Si ufiti, ndipo si kuti munthuyo ananama pamene ankalonjeza.

Chabwino chake n'chakuti chibaba chimayenda ngati funde. Chimakwera, chimafika pamwamba, kenako chimatsika, munthu amwe kapena asamwe. Nthawi zambiri funde limodzi silipitirira theka la ola ngati munthu wachoka pamene pali chizindikirocho. Katswiri wina wa ku America, Alan Marlatt, ankaphunzitsa odwala ake kuliyang'ana fundelo n'kulidikira kuti lidutse. Asodzi a pa Chilwa amadziwa zomwezo: mphepo ikauka sulimbana nayo, umagwira bwato bwino mpaka ipite. Koma kudikira theka la ola manja ali lende, utakhala pakhonde, n'kovuta zedi. Kudikira uku ukumata chubu cha njinga n'kosavutirapo.

Makoswe a ku Sweden

Mu 2018, Eric Augier, Markus Heilig ndi anzawo a ku yunivesite ya Linköping ku Sweden anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene ine ndimamukonda. Anaphunzitsa makoswe kudina kachitsulo kuti alandire mowa, ndipo makoswewo anazolowera kwa milungu ingapo. Kenako anawapatsa mwayi wosankha: mowa kapena madzi otsekemera. Makoswe ambiri anasiya mowa n'kusankha zotsekemera. Koma pafupifupi 15 pa 100 alionse anakakamirabe mowa, ngakhale pamene mowawo unathiridwa zowawa.

Pali zinthu ziwiri apa. Choyamba, kumwa kumadalira kwambiri zimene zilipo zoti n'kusankha. Khoswe amene ali ndi kachitsulo kamodzi kokha adina komweko. Chachiwiri, alipo ena amene ubongo wawo wagwidwa kwambiri moti chinthu china chokoma pachokha sichikwanira, ndipo amenewa ndi ofunika dokotala ndi uphungu, osati kuwanyoza. Munthu si khoswe, ndikudziwa. Koma kwa anthu nako zinayesedwa. Mu 1973, George Hunt ndi Nathan Azrin ku Illinois, m'dziko la America, anayamba njira yothandizira zidakwa imene cholinga chake chinali chakuti moyo wosamwa ukome kuposa moyo womwa. Ankawathandiza kupeza ntchito, kukonza za m'banja, ndiponso anatsegula malo ochezera opanda mowa. Anayamba ndi anthu ochepa, koma njirayi ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Bawo la a malume

Ndikuuzeni za a malume anga. Atasiya mowa ulendo woyamba, aliyense pabanja anati azikasewera bawo, poti ankalidziwa kwabasi. Bawo ndi masewera abwino ku ubongo: maenje 32, nkhomo 64, ndipo kuti udye za mnzako uyenera kuwerengeratu m'mutu kumene dzanja lako likathere. Munthu amene akuwerenga nkhomo alibe mpata woganiza za botolo. Vuto linali limodzi. Bawo la m'mudzi mwathu linkakhala pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi nyumba imene ankagulitsa kachasu, ndipo osewera ake anali anzawo akumowa omwe aja. Tinawatumiza tokha pakati pa zizindikiro zonse. Sanathe milungu iwiri.

Ulendo wachiwiri, atachoka kuchipatala, anayamba kuweta nkhunda. Palibe anawauza, anangopempha ziwiri kwa mnansi. Ine ndinkaziona ngati zachibwana. Pano ndikaganiza, nkhunda zinali ndi zonse zimene bawo lija linalibe. Khola linali kuseri kwa nyumba, kutali ndi njira ya kumsika. Nkhunda zimabwerera madzulo, nthawi yomwe ija chibaba chimauka, ndipo zimafuna madzi ndi chakudya tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Khola linkafuna kukonza, ndiye manja ankakhala ndi nsungwi ndi mpeni. Kenako anayamba kudziwana ndi oweta nkhunda ena, n'kumasinthana maunda, n'kumakangana za mitundu yake. Anapeza anzawo atsopano amene nkhani yawo sinali mowa.

Chinanso anandiuza okha patapita nthawi. Akuti miyezi yoyamba chilichonse chinkangokhala zii, ngati ndiwo zopanda mchere, nkhunda zomwezo. Zimenezi sayansi ikuzidziwa. Ubongo umene wazolowera chikoka champhamvu cha mowa umayamba kumva pang'ono zinthu zokoma wamba, mofanana ndi maso amene achoka padzuwa n'kulowa m'nyumba: poyamba suona kanthu, kenako zinthu zimayamba kuoneka. Kwa maso ndi mphindi zochepa, kwa ubongo ndi milungu kapena miyezi. Ambiri amagwa pamenepa. Amayesa kwaya kawiri, sizikukoma, amati si zanga. Choncho chotayitsa nthawi chabwino ndi chimene chimakukakamiza kubwera ngakhale tsiku limene sukufuna. Nkhunda zanjala sizimva zoti lero mwini wake alibe chilakolako. Mbewu za kudimba nazo n'chimodzimodzi, tomato ukapanda kumuthirira masiku awiri m'mwezi wa Okutobala amakuonetsa yekha. Mu kwaya, ukajomba, a besi anzako amabwera kudzakufunsa.

Za thupi nazo

Masewera olimbitsa thupi amathandiza pa zinthu ziwiri zimene zimavutitsa kwambiri munthu wosiya mowa: tulo ndi nkhawa. Anthu ambiri amakhulupirira kuti mowa umagonetsa bwino. Umagonetsa msanga, inde, koma umasokoneza tulo ta m'bandakucha ndipo umachepetsa gawo la tulo limene timalota. Munthu akasiya, tulo timatenga nthawi kuti tibwerere m'malo mwake, ndipo usiku wosagona ndi umene umabweza anthu ambiri ku botolo. Thupi limene latopa ndi kuyenda, kupalasa njinga kapena mpira limagona bwinoko, ndipo mtima umakhalako m'malo.

Kuno tili ndi mwayi umene a m'tauni amaulipirira. Michesi ali pakhomo pathu. Njira ya ku Fort Lister, pampata wa pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje pomwe kale ankadutsitsa akapolo, ndi yokwera mokwanira kutulutsa thukuta, ndipo m'mwamba muja mulibe shabini. Ovina tchopa, gule wathu wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2014, amadziwa mmene thupi limatopera ng'oma zikagunda. Koma pa tchopa ndi pa mpira funso likhale lomwe lija la bawo: akamaliza amapita kuti? Timu imene ikapambana imakathera kumowa, ikagonja imakatheranso komweko, si ya munthu amene wangosiya kumene. Kusewera mpira ndi kuonera mpira m'bala ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali.

Chimodzi chokha ndikuchikana poyera: kubetcha. Ena amati bola wasiya mowa, azingobetcha mpira pafoni. Ayi. Mphotho imene imabwera mosayembekezeka, lero wadya mawa waluza, ndi imene imagwedeza maselo a dopamine kwambiri. Kumeneko n'kuchotsa mbuzi m'munda wa chimanga n'kukaimangirira m'munda wa nandolo.

Nanga inuyo?

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya akuluakulu okha. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imagwira buleki munthu akafuna kuchita chinthu mopupuluma, imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri amasonyeza kuti amene amayamba kumwa asanakwane zaka 15 ndi amene kawirikawiri amadzavutika ndi mowa akakula. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti chifukwa unkafika mpaka m'matumba a yunifolomu, koma tonse tikudziwa kuti timabotolo totchipa tinalowa m'malo mwake.

Dziko la Iceland linali ndi vuto lotere. Mu 1998, achinyamata 42 pa 100 alionse a zaka 15 ndi 16 ananena kuti analedzerapo m'mwezi umene unangotha. Pofika 2016 anali 5 pa 100. Anachita zingapo nthawi imodzi: anakhwimitsa malamulo ogulitsira mowa, anaika nthawi yoti ana akhale atalowa m'nyumba usiku, analimbikitsa makolo kukhala ndi ana awo, ndipo anaika ndalama zambiri m'masewera, nyimbo ndi zaluso kuti wachinyamata aliyense akhale ndi kopita akaweruka. Ife ndalama za Iceland tilibe. Koma funso limene anadzifunsa ndi laulere: kuyambira 3 koloko mpaka kulowa kwa dzuwa, mwana ameneyu ali kuti, ali ndi ndani, akuchita chiyani? Kalabu ya sayansi, netibolo, kwaya ndi drama zimene ena mumazithawa Lachitatu masana zili pa ntchito imeneyo.

Kwa iwe amene unalemba kapepala

Choyamba, kuchiza bambo ako si udindo wako. Sunawayambitse ndiwe, ndipo akabwereranso ku mowa usadziimbe mlandu. Ngati akaledzera amamenya kapena kuopseza, uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira, mphunzitsi, a mpingo, kapena a chitetezo cha ana kupolisi. Zimenezo sizidikira nkhunda.

Chachiwiri, milungu itatu ija ndi mwezi ndi theka uja sizinapite pachabe. Anthu ambiri amene anasiyiratu mowa anayesapo kangapo asanapambane. Ulendo uliwonse umasiya chidziwitso, ngati mmene timachitira mu labu tikalephera: timafunsa kuti chinalakwika n'chiyani. Anagwa tsiku lanji? Nthawi yanji? Anali ndi ndani? Anali atangolandira ndalama, kapena atakangana ndi wina? Mayankho amenewo ndi amene amasonyeza ola limene likufunika kudzazidwa.

Chachitatu ndi chimene ungathe iweyo. Akuluakulu sakonda kulangizidwa ndi ana awo, ndipo ukawauza kuti "bambo, pezani chochita" mwina akukalipira. Koma amakonda kufunsidwa zimene amadziwa. Ganiza chimene bambo ako ankachita bwino kale, kaya kuluka mphasa, kukonza wailesi, kusema mipini, kuimba gitala ya chigubu. Ukawapeza ali bwinobwino, cha m'ma 4 koloko dzuwa lisanapendeke kwenikweni, uwapemphe kuti, "Bambo, tandiphunzitsaniko kumanga masipoko a njinga." Ukatero ubwerenso mawa lake nthawi yomweyo, ndi wilo lina.

A malume aja nkhunda zawo zinafika 40 chisanabwere chimphepo cha Freddy mu Malichi 2023, chimene chinagwetsa khola n'kubalalitsa zambiri. Banja lonse tinachita mantha sabata imeneyo, ndipo sitinkaopera nkhunda. M'mawa wina mvula itakata tinawapeza akudula nsungwi. Zisanu ndi ziwiri zinali zitabwerera zokha, zitatera padenga la khitchini, ndipo zinkafunika pogona.